Zidole za Che Ndembo

Sutikesi inakhala pansi pa bedi zaka makumi awiri ndi zinayi,
ikununkha mphemvu ndi palafini.
Nditaitsegula, Mesenjala anandiyang'ana ndi diso limodzi,
linalo chiswe chinadya kale.
Abiti Saujiya, woimba wa milomo ya penti,
anagona chafufumimba pamsana pa Ng'ona,
zingwe zawo zitapiringizana ngati mlandu wa munda.

Ine ndine telala chabe.
Ndimasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ku M'baluku,
ndipo bambo anga, Che Ndembo, sayankhulanso.
Sitiroko inawalanda lilime ndi dzanja lamanja,
dzanja lomwe linkavinitsa anthu atatu nthawi imodzi.

Amati njinga yawo ikangowoloka Shire, bokosi pakeliyala,
ana ankatuluka m'madarasa ngati njuchi.
Pakhomo tambala ziwiri, wopanda tambala dzira,
wopanda dzira ankasuzumira pabowo la chiguduli.
Panali nyimbo, panali matsenga a mpango,
panali Mesenjala womanga mbuzi unyolo chifukwa cha msonkho.

Ndinawasokera zovala ndi tizidutswa totsala kwa makasitomala.
Pa diso ndinaika batani la malaya a sukulu.
Mano a Ng'ona ndinadula ku chitini cha mkaka.

Twaibu, mwana wa achimwene, anaseka mpaka kutsokomola:
"Azakhali, ana a lero maso ali m'manja.
Chinthu chikachedwa, chala chimangokankha, chapita.
Mtengo wovala khaki awonere ndani?"
Komabe ananyamula mabenchi.

Loweruka usiku muholo ya sukulu munalowa anthu makumi atatu,
ambiri chifukwa pakhoma pali soketi yotchajira.
Mesenjala anatuluka, nakuwa za msonkho wa mutu.
Zii.
Palibe ankadziwa kuti mesenjala n'chiyani.
Nkhope zonse zabuluu, zoweramira m'zikhatho.
Thukuta linanditsika mpaka m'zigongono,
ndinakoka mwamphamvu, chingwe cha chibwano n'kuduka,
Mesenjala kukamwa yasa, osatsekanso.

Pomwepo magetsi anathima.

Mumdimamo sindidziwa mawu anachokera kuti.
Ndinangodzimva ndikuyankhulira m'mphuno, monga ankachitira bambo:
"Musadabwe, abale, netiweki yandithawa pakamwa!
Ndani andibwereke mayunitsi nditseke?"

Kamtsikana kena kanaphulika nako kuseka,
n'kuyatsa tochi ya foni kuti kaone chitsiru chayankhulacho.
Wina anayatsa. Winanso.
Wakabaza amene anaima pakhomo anayatsa yake yosweka galasi,
ndipo bokosi la bambo linawala
kuposa mmene nyali ya palafini inaliwalitsirapo.

Ng'ona inayamba kubwereketsa ngongole za pafoni,
chiwongoladzanja mwendo umodzi pa sabata.
Abiti Saujiya anaimba za mwamuna wa ku Joni
wotumiza zithunzi za nsapato zake m'malo mwa ndalama,
amayi a kumbuyo n'kuwomba m'manja:
"Eee, ameneyo tikumudziwa, ndi wa kwa Mpondasi!"

Twaibu anajambula zonse.
Akuti anthu mazana aonera kale,
akuti wina wa ku Joni komweko watukwana.
Zimenezo n'zake.

Ine ndinaona china pa kabowo ka nsalu:
bambo pampando wawo pafupi ndi zenera,
malovu pachibwano, kofia itapendekeka,
dzanja lakufa lija lili pabondo,
chala chapakati chikunyamuka pang'ono, n'kugwa,
kunyamuka, n'kugwa,
nthawi iliyonse ndikachedwa kudzutsa mutu wa Ng'ona.

Ngakhale lero akundikonza.

Mawa ndipita kwa ogulitsa maukonde
ndikagule twaini wolimba, ndisinthe zingwe zonse.
Chibwano cha Mesenjala chokha
ndichisiya chomwecho.