Chigamba cha Kutsogolo

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pa benchi ili,
kuseri kwa msika wa Zomba, moyang'ana depoti,
kusokera anthu maulendo awo ong'ambika.

Lachiwiri kunabwera mtsikana wa ku Chirunga,
Nyauhango, mvula ya m'phiri itamunyowetsa mpaka m'mawondo.
"Adada, skapato yane," anatero,
kenaka anaseka, nakonza lilime:
"nsapato yanga, pepani."
Ndinati usapepese, tabwereza.
Skapato.
Linagogoda ngati chidendene pa simenti.

Che Likagwa, wogulitsa zingwe pambali panga,
amangoti sapato, mutu uli pamtunda,
monga amanenera kwawo ku Domasi.
Wamatemba uja wa kutsidya kwa Chilwa,
amene amafika ndi matope a ku Kachulu m'akakolo,
amati sapatu, milomo itasongoka
ngati akuuzira phala la mwana.

Mtsikanayo akuti anawerenga
kuti liwuli linatsika m'chombo ndi Apwitikizi,
n'kukwera Zambezi pamapewa a amtengatenga
amene eni ake ankaponda minga ndi phazi lokha.
Akuti Asipanya nawo ali nalo,
koma kumene linasokedwa poyamba
mabuku amangokangana.

Ndinaleka kusoka, ulusi uli m'mano.
Kani ndi la pa kaunjika!
Lovalidwa kale, lodyeka kunsi,
ladutsa mapazi angati lisanafike kuno?
Sitinafunse mwini wake.
Tinaliyesa, linatithina,
tinalikhomera n kutsogolo
monga ndikhomera kachitsulo pa jombo za asilikali,
basi, lathu.

Patapata yekha sanadikire chombo.
Anadzitcha yekha dzina
akuthamangira madzi ku mpopi wa ku Chikanda.

Malemu bambo anga ankati nkhwaira,
zawo za tayala zija, zosatha.
Liwu limenelo silibweranso kudzasoketsa.
Mwina linasiyidwa pakhomo la nyumba ya maliro,
wina n'kutuluka atavala la mnzake.

Nyauhango analipira, chenji anandisiyira,
nalowa m'mvula.

Madzulo, pokwera chitunda cha ku Sadzi,
ndinalitchula mwa njira zonse zinayi,
phazi ili nsapato, ili skapato,
sapato podumpha ngalande,
sapatu pamene ndinaterereka.
Ndinafika pakhomo ndikanali kulitafuna.
Nachisale sanafunse za Apwitikizi.
Anangoloza pansi:
"Vulani izo, ndangokolopa kumene."