Theka la Chikope

Ku Porto mvula yakhala ikuwaza chiyambire Lachiwiri.
M'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato,
makatani ali chitsekere, khofi anazizira kale m'kapu,
Graciete Moutinho ali maso tong'o pa kompyuta,
akulimbana ndi njinga yamoto imene sinapondepo msewu.

Anaiumba ndi anyamata a chipinda chinacho,
waya ndi waya, bawuti ndi bawuti.
Yake ntchito n'kuikhazika pa mlatho wachitsulo
umene kamera inajambula m'bandakucha mwezi watha,
kuti woonera asapeze pamene pali msoko.

Mthunzi wauyala pansi.
Kuwala kwa magetsi a m'mbali wakupaka pa thanki.
Koma akaiyendetsa, njingayo ingonjanja,
njo, njo, njo,
sipoko iliyonse kuwerengeka,
ngakhale timalemba ta pa tayala.
Telmo wasuzumira pakhomo, jekete ikudontha:
"Yayera mopitirira. Ikunama."
Basi, watsika masitepe.

Kamera ili ndi chikope.
Imaphethira kamakumi awiri ndi kanayi pa sekondi,
ndipo chikope chikakhala chotsegula
dziko siliima kuti lijambulidwe.
Chodutsa chimasiya mkukuluzi wake.
Diso linakula likudya zimenezo;
ukalipatsa zakuthwa zokhazokha, limalavula.

Ndiye Graciete aitana timivi.
Kadontho kalikonse ka pa njinga kali ndi kamuvi kake
konena kuti: ndinali apa, ndikulowera uko.
Akoka nambala, atsegula chikope theka.
Masipoko asungunuka, asanduka mbale ya utsi,
nyali yofiira ya kumbuyo inyumbuka ngati ulimbo.
Awonjezera. Aa, wapyola,
woyendetsa wasanduka matope.
Abweza pang'ono. Pang'ononso.

Pa fulemu ya sikisite wani
chigongono chadutsa kutsogolo kwa mzati wa mlatho,
timivi tasokonezeka, tagwira mzati n'kuukoka nawo,
chitsulo cha zaka zana chapindika ngati kandulo.
Apa kompyuta ilibe nzeru.
Adula yekha ndi dzanja, fulemu ndi fulemu,
khosi kuuma, mabelu a tchalitchi kugunda naini,
kenako teni.

M'dirowa ya tebulo, pansi pa malisiti,
muli chithunzi chimodzi chokha cha bambo ake.
Anacleto, pa njinga yakapalasa ku Matosinhos,
bokosi la nsomba kumbuyo, ayezi akuchucha.
Wojambula atati adine, iwo anacheuka,
wina anawaitana kapena, ndani angadziwe.
Khoma likuoneka bwino. Mphaka wa pakhoma, ndevu zonse.
Nkhope yawo yokha ndi chimbuuzi.

Chaka chimene anaphunzira ntchitoyi
anachezera nacho mausiku atatu,
kuchinola, kubweza kadontho kalikonse kumene kanachokera.
Kompyuta inamupatsa nkhope:
maso awiri oyera, mlomo wotseka,
mwamuna waulemu, wodekha, woima chilili.
Mlendo.
Bambo ake ankadya ali chiimire, chipewa kumutu,
ankayankha funso ali kale pa geti.
Anaifufuta nkhope ija, sanauzeko ngakhale mayi ake.

Leveni koloko. Makina alira, atentha, amaliza.
Adina.
Njinga ibwera, idutsa, yapita,
masekondi atatu ndi kachidutswa.
Abwereza. Ayesa kuwerenga masipoko, alephera.
Abwerezanso, ndipo aona kuti mutu wake
ukutembenuka wokha kuitsatira.

Asunga ntchito, alemba kuti nambala seveni,
podziwa kuti mawa Telmo adzafuna ya eyiti.
Ambulera anaiwala kunyumba.
Pa siteshoni sitima yadutsa osaima,
mawindo onse alumikizana kukhala lamba mmodzi wachikasu,
ndipo m'lambamo muli wina wovala chipewa,
wacheuka.