Nkhafi ya Malemu

Alufandika atamwalira, mwezi wa Okutobala,
pamene nthaka ya ku Makhanga imawotcha ngakhale ziboda za mbuzi,
abale ake anakhala pansi pa msawu
nagawana wailesi, njinga, ukonde wong'ambika
ndi malata asanu ndi anayi.
Zitatha izo, anayamba kugawa ine.

Anati imfa yatsalira m'thupi mwanga ngati munga,
pafunika mwamuna waganyu adzaizule usiku,
ndipo nkhuku yomulipira ichoke m'khola langa.
Ndinati: amuna anga anafa ndi chifuwa, buku lawo lachipatala ili.
Mukumufunayo walowa nyumba zingati chaka chino?
Watulukamo ndi chiyani?
Kunangoti zii, chiswe chokha chikumveka m'nsichi.
Alamu anga a Donasiyano analavula pansi:
mudzi ukayamba kutupa miyendo, wotipha tamudziwa.

Palibe anatupa.
Koma mtondo wanga sanaubwerekenso,
ndipo pa mjigo ndowa yanga inkaima yokha ngati chitsa.

Bwato sanaligawe poti linkadontha.
Nkhafi sanaione, inali kudenga.
Ndinakongola ku banki m'khonde ndikugula phula,
ming'alu ndinaitseka ndi nsanza za chitenje chamaliro.
Amuna a padoko anaseka mpaka kugwira nthiti:
mkazi kumbuyo kwa bwato?
Ng'ona zinenepa chaka chino!
Matuza anatuluka, anaphulika, anauma.
Ndinaphunzira pamene Ruo amakankha Shire ndi phewa,
pamene namasupuni amabisa mchenga,
ndi thovu limene mvuu imatumiza isanavuuke.

Ndiye usiku wina wa Febuluwale, madzi atameza msewu,
ndinamva odi wosweka mawu.
A Donasiyano, opanda nsapato, tochi ya foni ikunjenjemera m'manja.
Mwana wawo Mafulesi, wosiyira sitandade seveni,
tsiku lachiwiri ali pamphasa,
khanda lapingasa, azamba agwa mphwayi.
Opalasa onse akana:
wina mdima, wina mafunde, wina kachasu.

Za miyendo yotupa sindinafunse.
Ndinangoti munyamuleni.

Mtsinje usiku ulibe m'bale.
Unkatibweretsera nthochi zozuka ndi mizu, denga la munthu,
mbuzi yotupa miyendo ili m'mwamba.
Mtsikana ankaluma mkombero wa bwato.
Ndinamuuza: werenga nkhafi zanga, ululu usauwerenge.
Anafika mazana awiri, anasokoneza, anayambiranso.
Bambo ake ankakapa madzi ndi chigubu chodula,
akapa, akapa, osadzutsa mutu,
pamalo pomwe mng'ono wawo ankaika mlamba.
Magetsi a ku Bangula ankaoneka ngati akuthawa,
mpaka bango linakwecha nthiti za bwato.

Zotsalazo anachita ndi ena:
wakabaza amene sanafunse ndalama,
namwino wamaso ofiira ndi tulo,
ambulansi yochedwa, mpeni wa dokotala ku boma.
Ine ndinagona padoko, mikono ikulira.

Khanda linakhala moyo, ndi lalikazi.
Mafulesi ali ndi mzere pamimba
ndi kakadi kolera komwe amasunga yekha.
Za sukulu akuti aona, ine ndimamufunsabe.
A Donasiyano sanapepese.
Anangotumiza mwana ndi lichero la mchewere,
ndipo ndinalandira, poti njala sidziwa mlandu.

Masiku ano ndili ndi kope m'jumbo ya shuga.
Ndimalembamo amayi oyembekezera a mbali yathu ino,
mwezi wachisanu ndi chitatu ukakwana ndimakawagogodera:
tiyeni kuchidikiro madzi asanakwiye.
Amuna awo ena amang'ung'udza za wophika,
ndimati moto suluma, yesani.

Sabata yatha kunabwera Nyakhuwa,
mutu wometa, maliro a mwamuna wake asanazizire.
Anadikira anthu atsike, nanong'ona:
inu munakana bwanji?
Mawu ndinawasowa.
Ndinamupatsa nkhafi.
Gwira apa, ndinatero, dzanja linalo apa.
Madzi akakukankha usawatukwane,
ingoloza mphuno ya bwato kumene ukufuna kupita.