Buku la Miyeso

Pakhonde la sitolo ya Che Twaliki
patsala timaenje tinayi m'simenti,
pomwe miyendo ya makina anu inadya pansi
zaka makumi atatu ndi mphambu zingapo.
Lero pamakhala mnyamata wogulitsa mayunitsi.
Sadziwa kuti wakhalira malo a munthu.

Makinawo anapita ndi amalume ku Dwangwa.
Njinga anailimbirana mpaka kudula chisale.
Ine anandiponyera kope lothothoka chikuto,
lonunkha mafuta a makina ndi choko,
ati, iwe wasukulu, tenga zolembalembazi.

Agogo, Nkhotakota yonse ili muno.
Mayi Nachanza, chiuno 34,
miyezi itatu kutsogolo, 39,
ndipo m'mbali, ndi pensulo yosasongola:
ali ndi pakati, osafunsa.
Aphunzitsi a Kambalame, suti ya ukwati, ngongole yatsala theka,
mzere umene munaukhwatcha nokha
chaka chomwe ntchito inawathera.
Mwanaisha, diresi ya Idi.
Kwaya ya ku Chombo, malaya khumi ndi awiri,
amodzi a munthu wamfupi kwambiri.
Nsalu yoyera ya kwa a Bwanali, usiku.
Pamenepo simunalembe mtengo.

Tsamba langa lili pakati, lopindidwa ngodya.
Yotamu, kabudula wa sitandade wani.
Ndikumukumbukira kabudula uja,
ankandifika m'akatumba,
anzanga pa Linga nkumanditcha thumba la mpunga.
Ndinabwera ndikulira, mamina mpaka pachibwano.
Inu osaleka kupondaponda,
mapini atatu ali pakamwa,
munangoti, mwana samusokera za lero.
Chaka chilichonse, sukulu ikamatsegulira,
munkamasula mpendero, kabudula nkumakula nane.

Maso atayamba kuchita nkhungu
ndinkakulowetserani ulusi pa singano.
Malipiro anali chitumbuwa chimodzi
ndi tizigamba tosokera mpira.
Munkati maso anu mwawasungitsa kwa ine.
Kenako ndinanyamuka nawo, masowo,
ulendo wa ku Lilongwe.

Kaunjika atadzaza msika
anthu anasiya kudzayezetsa.
Inu amene munaveka akwati a boma lonse
munatsala wosintha mazipi,
wochepetsa mathalauzi a anthu akunja osawadziwa.
Nanenso ndinabwera nditavala jekete la pa mulu.
Munaligwira paphewa, nkulitembenuza,
kuyang'ana msoko nthawi yaitali.
Simunanene kanthu.

Tsiku lomaliza lija munandiimitsa pakhomo,
tepi ikunjenjemera m'manja,
tambasula mkono, imirira bwino.
Ine diso pa foni,
khutu ku minibasi yoitanira a ku Salima,
ndinati, agogo, ulendo wina.
Mwera wa mwezi wa Juni unakupezani ndi chifuwa.
Uthenga unandipeza pa mzere wa ku banki.

Tsamba lomaliza, zilembo zikutsetsereka ngati zaledzera:
Yotamu, jekete. Phewa 17. Osamuuza.

Tinalipeza pansi pa matiresi, m'pepala la shuga,
nsalu yabuluu, mizere ya choko ikadali pomwepo,
mkono umodzi wosokedwa,
wina wongolumikiza ndi mapini
omwe ayamba kale dzimbiri.

Telala wina kuno wati angalimalize tsiku limodzi.
Ndakana.
Usiku wina, ana atagona, ndinaliyesa.
Zaka zinayi zapita, ndanenepa, agogo,
mabatani sangakumane n'komwe.
Ndinalivula, nkulitembenuza monga munkachitira,
kutsata msoko ndi chala kuyambira m'khwapa.

Mkatimo munapindiramo nsalu,
mainchesi awiri mbali iyi,
awiri mbali inayo.