Twaibu Satsinzina

Anabwera Lachiwiri pa galimoto yoyera,
mtsikana waulemu, mapepala ali m'manja.
Anati: akhazikeni pansi, atsinzine,
amvetsere mpweya wawo ukulowa, ukutuluka,
mitima idzakhala m'malo.
Tinalemba m'makope. Tinawomba m'manja. Anapita.

A Likaka anaseka mpaka kutsokomola:
"Ana khumi ndi anayi, chipinda chimodzi,
choko tikuchita kudulirana,
ndiye tiwaphunzitse kupuma?
Kodi anabadwa osapuma?"
Mayi Namaona sanaseke.
Anati iwo ayesa, poti kukalipa anayesa kale,
kunangowasiyira mutu waching'alang'ala.

Ine ndinayesa pa Twaibu,
wa ku Chinamwali, zaka zisanu ndi zinayi,
amene kuchipatala anamulembera mawu akuti otizimu,
kwawo akuti anachita kumulodza.
Ndinati tsinzina. Anakuwa.
Ndinati pang'ono chabe, mwanawe.
Analuma kolala ya yunifolomu, nadzimenya pachipumi.
Mdima wa kuseri kwa zikope zake uli ndi zake
zomwe ine sindinazionepo.
Ndinasiya.

Pa buleki amakanjuta kuseri kwa thanki,
kuyang'ana mzere wa nyerere
zikukoka phiko la ngumbi.
Njinga zamoto zilire pamsewu wa ku Liwonde,
belu lilire, mnzake amuponde chala,
iye ali pa nyerere basi.
Ine wodya ndikuganiza ngongole ya ku banki mkhonde,
ine wopemphera ndikuwerengera masiku a malipiro,
ndimuphunzitse ameneyu
kukhala pamene ali?

Mu Januwale mtambo unatsika m'phiri,
Mulunguzi atasefukira kale,
mvula inagenda malata opanda siling'i.
Ndaziona zala m'makutu, Asiyatu pansi pa desiki,
kalasi yonse pokopoko.
Mawu anga anayamba kukwera. Ndinawamva ndekha.
Ndinakhala pasimenti, msana kukhoma,
osati chifukwa cha mapepala aja ayi,
miyendo ndiyo inakana.
Ndinakoka mpweya. Ndinautulutsa. Ndinakokanso.

Twaibu anabwera chammbali ngati nkhanu,
maso ali kwina,
naika chikhato chake panthiti zanga.
Chinakwera. Chinatsika.
Chinakwera.
Sindikudziwa ngati ankawerenga.
Sindikudziwa anatsatira mnzake ndani.

A Likaka akuti mvula inangokata basi.
Sakunama, inakatadi.
Mayi Namaona akuti ndilembe mu lipoti
kuti mtsikana uja akadzabwera adzasangalale.
Fomu yake ili ndi mabokosi awiri:
zathandiza, sizinathandize.
Yatha sabata zitatu m'chikwama mwanga,
yayamba kupindika m'makona,
pamodzi ndi kachitsekerero ka botolo
kamene Twaibu anandifumbatitsa tsiku lija
osandiyang'ana.