Funso Lowonjezera

Zala zangazi, zopindika lero ngati mizu ya mkungudza,
zinalemba zaka khumi ndi zitatu
zonse zoyankhulidwa m'nyumba ija ya m'tsinde mwa phiri,
malamulo akadagona ku Zomba kuno.
Ndinkakhala kunsi kwa mpando wa a Sipikala,
kutsokomola kosaloledwa.

Linali Lachiwiri, mvula ili pakati.
Denga linkadontha kumbali ya otsutsa,
mesenjala atatchera beseni.
Anaimirira Mai Nampinga, phungu wamfupi,
nsapato zili ndi matope a ku Jali,
nafunsa Nduna ya za Misewu:
mlatho wa pa Likangala uja,
ndalama zake tinavomereza muno chaka chatha,
uli kuti?

A Chikalimba anadzuka mosafulumira,
namanga batani la jekete,
nawerenga pepala lolemba wina:
Boma likudziwa.
Boma likuganizira.
Ndalama zikapezeka.
Mawu amenewo zala zanga zinkawadziwa pamtima,
ndikanatha kuwalemba iwo asanayasamule.

Funso lowonjezera, a Sipikala.
Ndalamazo zinapezeka kale, nazi m'buku la bajeti,
ndazizunguliza ndi pensulo.
Zalowera kuti?

Mabenchi anaguguda.
Wina kumbuyo anakuwa, khalani pansi mayi inu!
Ine ndinalemba kuti: Phokoso.
Ntchito yanga inali imeneyo,
kupinda mkuntho kuti ukwane m'liwu limodzi.

Mayiyo anapisa m'chikwama
natulutsa kope la mwana wa Sitandade 4,
lotupa ndi madzi, masamba atamatana,
masamu atathawa m'mizere yake.
Linatoledwa m'bango, kumunsi kwa powolokera.
Mwiniwake anapezeka mkuja mwake.
Analiika patebulo, pambali pa ndodo yonyezimira ija,
osanena kanthu.
Beseni lokha, tho, tho, tho.

A Sipikala anati nzosemphana ndi malamulo a nyumba.
Kope linachotsedwa,
mayiyo anatulutsidwa mpaka Lachisanu.
Koma chete ujayo ndinasowa pomulemba,
makina anga analibe batani lake.

Lachisanu anabwera nalonso funso lomwelo
atangolisintha malaya.
Analitengera ku komiti.
Anaitanitsa malisiti, anaitanitsa injiniya,
mnyamata wothukuta amene ankangoyang'ana nsapato zake.
Funso lija linasanduka nsabwe
mumsoko wa jekete ya nduna:
poyenda ikuluma, podya ikuluma,
pokanda pagulu nkosatheka.

Chaka chachitatu zinamveka
kuti simenti ya mlatho inamanga mpanda wa munthu.
Dzina lake ndinalilemba,
kenako anandiuza kuti ndilifufute.
A Chikalimba anawasamutsira ku unduna wina
ndi galimoto yomweyo.

Mlatho unabwera ndithu, wopapatiza,
ngolo ziwiri sizipambanapo.
Podula riboni Mai Nampinga panalibe.
Anali atagwa pachisankho;
kwawo ankati mayi uja ndi wouma manja,
sagula mabokosi a maliro,
amangotha nthawi ndi mafunso.

Lero nyumba ija ili zii.
Apusi otsika m'phiri amasewera padenga,
udzu wamera pomwe pankaima magalimoto a mbendera.
Ndikamadutsa popita ku msika sindiyang'anako kawirikawiri.

Koma masana ena, pakhonde la telala Mwalabu,
wailesi ikamaulutsa zokambirana za ku Lilongwe,
ndimamva nduna ina, mwana wadzana,
ikuti boma likudziwa, boma likuganizira,
ndipo Mwalabu amatsonya, ulusi uli kukamwa.
Ndimamuuza, dikira kaye.
Nthawi zambiri palibe chotsatira, amangoombera m'manja.
Koma tsiku lina mwa masiku khumi
liwu losadziwika limadzuka kumbuyo kwenikweni,
lonjenjemera pang'ono,
nkuti, funso lowonjezera, a Sipikala,

ndipo zala zangazi, zosandifunsa,
zimayamba kugogoda pachitenje.