Malo a Anthu Anayi

Mayi Sutcliffe amasunga manda awo m'chitini cha mabisiketi.
Lachiwiri, nditawasambitsa, ndikuwapesa tsitsi,
anati: tsegula uwerenge, maso anga ananditsogolera kale.

Pepala lofiirira ngati tsamba la fodya,
lopinda kanayi, lothetheka m'mapindiro.
Halifax, chaka cha 1911.
Talandira kwa Enoch Sutcliffe, woomba nsalu,
mapaundi awiri ndi masheleni khumi.
Malo a anthu anayi, wina pamwamba pa mnzake.

Anali agogo anga amenewo, anatero.
Thukuta la masabata awiri kufakitale, kapena atatu,
nyumba yonse ikudya buledi wosapaka kanthu.
Anagula mwana atapita ndi chifuwa,
poopa dzenje la amphawi
momwe ankasanjamo anthu osadziwana maina.
Mwanayo ali pansi penipeni.
Kenako Enoch, kenako mkazi wake.
Pamwambapo ndi panga.
Anaseka ngati munthu wosungitsa mpando m'basi.

Ine kuseka kunandikanika.
M'thumba la yunifolomu foni inkanjenjemera:
gulu la chipepeso, tsiku lachisanu ndi chinayi,
achimwene anga a Lufeyo akadali kumochale ku Leeds,
chikwangwani chili kuchala.
Ndege ikufuna zikwi zisanu.
Khonsolo ikufuna zitatu, zokumbira n'zapadera,
ndipo mtsikana wa kuofesi anandiuza mwaulemu wake wonse
kuti dothilo sagula, amangobwereka,
zaka makumi asanu, zikatha wina adzawonjezere.
Winayo ndani?
Munthu wakhala pa lendi zaka khumi ndi zinayi,
akagonenso pa lendi?

Kwathu ku Thondwe sindinamvepo mtengo wa manda
kupatula msuku umene uli kumutu kwa bambo.
Adzukulu amalawirira ndi makasu mame asanakamuke,
mkono wa chimbalangondo ndiwo muyezo,
ndipo palibe anafunsapo lisiti.
Ndinkayesa dziko lonse limagona choncho.

Wangoti zii bwanji? anafunsa gogoyo.
Ndinawauza.
Anayang'ana manja awo nthawi yaitali,
mitsempha ili mbee ngati mizu ya chinangwa.
Ine ndatha thupi, anatero,
akanalola a khonsolo tikanathithikana momwemo.
Enoch sanali munthu wokana mlendo.

Ndinapinda pepalalo m'mapindiro ake akale,
n'kutseka chitini. Ndinawafunditsa, n'kuzimitsa nyale.

Sikisi koloko, mvula ya kuno yosadziwa kuleka.
Basi inabwera mochedwa.
Ndinaika m'dzanja la dalaivala
mapaundi awiri ndi theka,
ndalama yomweyo ndendende,
n'kukhala kuwindo.
Tinakwera chitunda, kudutsa mpanda wa miyala yakuda
momwe Enoch wagona ndi anthu ake
pamalo olipiriratu.
Ine yangayo inangondifikitsa pa siteji.
Foni inanjenjemeranso:
wina waponya makumi awiri.